Anandidulira mdala wa ku Area 23 ali pakati pa chiganizo

Amene mumagwira ntchito m'mawayilesi mukudziwa kale mmene nyengo ya kampeni imatipotokolera, ndiye sindichita kufotokoza za mabuletini odzaza misonkhano ya zipani kapena mafoni a akuluakulu odandaula kuti bwana wawo tamupatsa masekondi ochepa. Zimenezo n'zachizolowezi. Chandilembetsa ndi cha Lachinayi, ndipo mkwiyo wake sunandichokebe.

Mwezi uno ndili ndi pulogalamu ya kamodzi pa sabata yofotokoza mbiri ya madera a aphungu mumzinda wa Lilongwe. Ndinachita kuimenyera ndekha pa msonkhano wa akonzi, chifukwa pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 anthu akavota m'malire atsopano omwe ambiri sakuwadziwa. Kuyambira 1999 dziko lino lakhala ndi madera 193, ndipo tsopano akwana 229. Mumzinda muno munali madera anayi okha, City Centre, City West, City South West ndi City South East. Lero ambiri mwa mayina amenewa afafanizika, mwabwera a Masintha, Bwaila, Ngwenya, Kamphuno, Mtandire-Mtsiriza ndi ena. Kugawako sindikutsutsa ayi. Gawo 76 la malamulo aakulu a dziko lino limafuna kuti chiwerengero cha ovota m'madera chiziyandikana, pomwe phungu mmodzi wa m'tauni muno ankaimira khwimbi loposa kambirimbiri la mnzake wa ku Likoma. Koma wina ayenera kuuza achinyamata amene akuvota koyamba zomwe zinachitika m'madera akalewo. Sabata ino inali ya City South East.

Lolemba ndi Lachiwiri panalibe chachilendo: nkhani zam'mawa, kudula mawu, kuyendetsa foni pofunafuna komwe kwafika mafuta, dalaivala kugona pa mzere ku filing'i siteshoni. Rekoda yabwino yatsala imodzi nyuzirumu yonse, ndipo mabatire ake timagula ndi ndalama zam'thumba. Lachitatu ndinalowa m'nkhokwe yathu ya mawu kufuna zomwe tinajambula mu 2014 ndi 2017. Mulibe kanthu. Akuti kompyuta itadzaza, wina analamula kuti zakale zonse zifufutidwe kuti papezeke malo a nyimbo ndi zotsatsa malonda. Hadi dilaivu yapadera tinaipempha kalekale, yankho limakhala lomwelo lakuti bajeti siikulola. Ndinapulumukira kwa mtolankhani wina wopuma pantchito amene amasunga nyuzi zakale m'makatoni kunyumba kwake, ndipo skiripiti ndinailemba usiku pa kandulo ya foni magetsi atazima.

Kwa amene munali musanalowe ntchito nthawi imeneyo, nkhani ya derali ili chonchi. Pa chisankho cha pa 20 Meyi 2014, bungwe la MEC linalengeza kuti apambana ndi a Bentley Namasasu a DPP, ndipo a Ulemu Msungama a MCP anatsalira ndi mavoti ochepa kwambiri. A Msungama anathamangira kukhoti, khoti n'kulamula kuti mavoti awerengedwenso. Asanawerengedwe, mu Julayi chaka chomwecho, nyumba yosungiramo katundu wa MEC ku Lilongwe inapsa, ndipo mapepala ovotera a derali anathera m'motomo. Panalibenso chowerenga. Mlandu unakwawa mpaka ku Supreme Court, yomwe mu 2017 inagamula kuti chisankho chichitikenso. Pa 17 Okutobala 2017 anthu anavotanso, a Msungama n'kupambana a Reuben Ngwenya a DPP, tsiku lomwe MCP inatenganso Lilongwe Msozi North ndi Nsanje Lalanje. Mu 2019 a Msungama anapambananso, ndipo mu 2020 anakhala nduna ya achinyamata ndi masewera.

Tawerengani bwino pamenepo. Pa zaka 5 za nyumba ya malamulo imeneyo, zoposa 3 zinatha anthu a ku Area 23 ndi Chilinde asakudziwa ngati amene wakhala pa mpando wawo ndi amene anamusankhadi. Dziko lonse linadzidzimuka pa 3 Febuluwale 2020 pomwe khoti linathetsa chisankho cha pulezidenti, koma a kuno anali atalawa kale zimenezo pa chisankho cha phungu wawo. N'chifukwa chake sindinafune kuti pulogalamuyi ichitikire mu situdiyo. Ndinapempha OB, kutanthauza kuulutsira mawu kunja kwa situdiyo, ya ola lathunthu pa bwalo lina ku Area 23, bwana n'kusainira.

Tinafika masana ndi jenereta yobwereka, mafuta a galimoto ongokwanira kupita ndi kubwera. Loya amene ndinamuitana kuti adzayankhe za malamulo sanabwere, poti ofesi inakana kumubwezera ya mayendedwe, ndiye mafunso onse anagwera ine. Anthu anabwera ambiri kuposa mmene ndinkaganizira: akabaza, amayi a mandasi, ana asukulu akuweruka, madala a bawo atanyamula ndi mipando yawo. Pofika potsegula maikolofoni, mzere unali utapangika kale.

Oyamba anali mayi wina amene analembetsa pa sukulu yomwe wakhala akuvotera kuyambira kale, koma nkhope zomwe zili pa maposita a m'dera mwake sakuzidziwa. Ngalande ya kuseri kwa nyumba yawo imasefukira dzinja lililonse, ndipo nkhaniyi anaitula kwa komiti ya phungu wakale. Tsopano komitiyo ili tsidya lina la malire. "Ndiye achimwene, ndikayambirenso kwa ndani?" Ndinawauza zoona, kuti ngalande ndi ya khansala ndi khonsolo ya mzinda, osati phungu. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Mnyamata wina anafunsa chifukwa chake sitingachotse phungu waulesi nthawi yake isanathe, ndipo ndinamufotokozera kuti lamulo lotero linalipo, Gawo 64, koma aphungu eni ake analichotsa mu 1995. Bwalo lonse linati "aaa!" nthawi imodzi, moti ndinazindikira kuti ambiri akumva koyamba. Bambo wina anafunsa za ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, poti mu Meyi 2025 khoti linagamula kuti aphungu sayenera kulowerera pa kayendetsedwe ka thumbali. Funso lake linali lolunjika: ngati alibe ndalama za mijigo ndi milatho, tiwasankhira chiyani? Funso limeneli likanayenera loya uja. Ndinayesetsa kunena za kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ndi kulondoloza boma, koma pa bwalo lafumbi mawu amenewa salemera.

Kenako anabwera mdala amene ndikulembera nkhaniyi. Jekete yakuda yothetheka m'mapewa, m'manja jumbo yopindapinda. Anati mu 2014 anali monita pa malo ena ovotera m'derali. Sindinafunse kuti wa chipani chiti, ndipo iwo sananene. Anamasula jumbo ija n'kutulutsa pepala la zotsatira la pa senta yawo, lija amapatsa mamonita akatha kuwerenga, inki itazilala, m'mphepete mutadyeka. Zaka 11 akulisunga. Anati atamva pa wayilesi kuti mavoti apsa, anaganiza kuti tsiku lina wina adzabwera kudzafunsa mapepala a mamonita, ndiye analibisa mu sutikesi ya malemu mayi akunyumba. Palibe amene anabwera.

Anzanga, mukudziwa nthawi ija pulogalamu imagwira, pomwe bwalo lonse limangoti zii ndipo iwe umadziwa kuti ntchito yako ndi kungogwira maikolofoni osasokoneza. Ankalankhula pang'onopang'ono, osakweza mawu, osanyoza munthu. Anafotokoza mmene anawerengera mavoti usiku ndi nyali, mmene anasainira, mmene anayendera wapansi kubwerera kwawo m'bandakucha. Anati mu 2017 anavotanso koma umonita anaukana. Ndinawafunsa chifukwa. "Mwana wanga," anatero, "munthu ukagona panja kulondera chinthu, kenako n'kumva kuti..."

M'mahedifoni munamveka mawu a tekinishani wathu wa ku situdiyo: "Achimwene, bwana ati tidule, pali ya malipiro." Ndisanayankhe, nyimbo ya kampeni inali italowa kale. Tinali titangodutsa theka la ola.

Zomwe zinachitika n'zakuti a zamalonda anagulitsa theka lachiwiri la ola langa m'mawa womwewo kwa munthu wina wopikisana nawo pa uphungu, wa dera lina lakutali ndi Area 23, ndipo palibe amene anaganiza zondiimbira. Anthu ambiri pa bwalo paja ankamvera pa mafoni. Atangomva nyimbo ya chipani m'malo mwa mawu a mdala uja, phokoso linabuka. "Agulidwa awa!" Wina anaponya chitsononkho chomwe chinamenya chitseko cha galimoto. Mdala uja sanadziwe kanthu, anapitiriza kulankhula pa maikolofoni yakufa mpaka mnyamata wina anamukoka jekete n'kumuuza kuti amuchotsa pa mphepo. Anandiyang'ana, n'kupinda pepala lake, n'kulibwezera mu jumbo. Ndinayesa kufotokoza kuti si chifukwa cha zomwe amanena, kuti ndi nkhani ya malonda. Anangoti, "Zikomo bambo, ndamva," n'kumapita. Kuchoka pa "mwana wanga" kufika pa "bambo" panangodutsa mphindi zochepa.

Mukufunsa kuti bwanji sindinajambule zotsalazo kuti ndidzaulutse tsiku lina? Rekoda ija inali itapita ndi mnzathu ku msonkhano wa chipani, poti kumeneko n'komwe kumachokera alawansi. Foni yanga ndi yomwe inkatumiza mawu ku situdiyo. Tinalongedza zingwe anthu akutikuwiza, dalaivala akundinong'oneza kuti tifulumire galasi lisanasweke.

Lachisanu m'mawa ndinalowa kwa bwana osadikira kuitanidwa. Ndinawauza kuti wayilesi yathu yadzipaka matope pamaso pa anthu amene amatimvera tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense amene anali pa bwalo paja akukhulupirira kuti tinatseka pakamwa mdala chifukwa anakhudza za moto wa 2014. Yankho lawo: "Mukufuna malipiro a mwezi uno, kapena mukufuna mbiri?" Vuto la ndalama ndikulidziwa, inenso malipiro anga amabwera mochedwa ngati a wina aliyense, ndipo sindine mwana woti sindingamvetse kuti nyengo ya kampeni ndiyo yokolola. Koma foni imodzi yokha m'mawa ikanakwanira. Ndikanafupikitsa mafunso oyamba, mdala uja ndikanamuika patsogolo, n'kutseka bwinobwino ndi kutsanzika. Chomwe chimandiwawa n'chakuti a zamalonda ali ndi mphamvu yolowa mu ndandanda ya mapulogalamu nthawi ina iliyonse, pomwe mkonzi amene dzina lake limamveka pa mphepo amamva zinthu pamodzi ndi omvera. Ndipo akadzabwera opikisana ena kudzadandaula kuti tinadula pulogalamu yophunzitsa anthu za chisankho n'kuikapo kampeni ya munthu mmodzi, woyankha adzakhala ine, osati amene analandira cheke.

Ndinapempha kuti pulogalamuyi ibwerezedwe mokwanira. Akuti tiona chikatha chisankho. Chikatha chisankho, ndani adzafune kumva za dera lomwe kulibenso?

Loweruka nditatha nkhani zamasana ndinakwera kabaza wa ndalama zanga kubwerera ku Area 23. Amayi a mandasi aja anandilozera kwa mfumu ya mdadada, ndipo iyo inandiperekeza mpaka pakhomo. Mdala uja anandilandira mwaulemu, anandipatsa mpando ndi madzi, anamva kupepesa kwanga mpaka kumapeto. Za kulankhulanso pa wayilesi anakana. Kujambula pepala lija pa foni anakananso, akuti sakudziwa komwe chithunzicho chikathere. Sindinawakakamize. Ndinangowafunsa ngati akavote pa 16, ndipo anati akavota, kungoti dzina la dera lawo latsopano amaliiwalaiwala, amachita kufunsa mdzukulu.

Lamulungu ndinali pa shifiti ya usiku, ndinawerenga zamaliro ndi zamipingo, magetsi anazima pakati pa nkhani, jenereta inadzuka mochedwa monga mwa masiku onse.

Sabata ikubwerayi ndi ya City West, ndipo andiuza kale kuti ndi theka la ola basi, mu situdiyo, OB kulibe. Ndalemba kalata yopempha kuti kusintha kulikonse kwa nthawi yanga kuzindipeza polemba tsiku lisanafike, ndipo kope lina ndasunga ndekha. Ngati alipo mwa inu amene wayilesi yake inasunga mawu a mu 2014 kapena a chisankho chachibwereza cha 2017, kaya ndi mavokisipopu (maganizo a anthu wamba ojambulidwa m'misewu), kaya kulengeza zotsatira, kaya malipoti a kukhoti, chonde ndipezeni ku inbox. Ndibwera ndi fulashi yanga.