Ulendo wa ku Skye, kokaphunzira vayolini ndi khutu

Sitima yapamtunda yochokera pa siteshoni ya Glasgow Queen Street kupita ku Mallaig, m'dziko la Scotland, imayenda maola opitirira asanu, ndipo ikadutsa tauni ya Fort William imawoloka mlatho wa Glenfinnan, womwe ndi wakonkire, uli ndi mipata 21 ndipo unayamba kugwira ntchito mu 1901. Ku Mallaig ndinakwera sitima yapamadzi yopita ku Armadale pa chilumba cha Skye, ulendo wa pafupifupi theka la ola. Chilumbachi chili ndi mlatho wake umene unatsegulidwa mu 1995, koma kwa munthu wopita kudera la Sleat, kummwera kwa chilumbachi, njira yapamadzi ndiyo yachidule. Pofika padoko tinali titadziwana kale ena mwa ife, chifukwa munthu wonyamula bokosi la vayolini kumsana savuta kumuzindikira.

Kumene tinkapita ndi ku Sabhal Mòr Ostaig, koleji yophunzitsa m'Gaelic, chilankhulo chamakolo cha kumapiri ndi kuzilumba za Scotland, yomwe inakhazikitsidwa mu 1973 ndi Iain Noble m'nyumba zakale za pafamu, ndipo lero ili m'gulu la makoleji a University of the Highlands and Islands. M'chilimwe, ophunzira a chaka chonse akapita kutchuthi, zipinda zawo zogona zimalandira anthu obwera ku maphunziro afupiafupi a chilankhulo, nyimbo ndi magule. Oimba vayolini ambiri amaidziwa koleji imeneyi chifukwa cha katswiri wa vayolini Alasdair Fraser, amene wakhala akuphunzitsa kumeneko nyengo yachilimwe kwa zaka zambiri. Kuchokera pawindo la chipinda changa ndinkaona nyanja ndi mapiri a Knoydart kutsidya kwake.

Kalasi yathu inali ya anthu amene aimba kwa nthawi yaitali. Munali aphunzitsi a nyimbo, oimba m'magulu akuluakulu a okestra, ndi ena amene akhala akuimba pa magule kwa zaka zochuluka. Mmawa woyamba mphunzitsi wathu, mayi wa zaka zapakati wolankhula mosathamanga, anatipempha kuti tikankhire kukhoma timatebulo toikapo mapepala a nyimbo ndi kukhala mozungulira. Anaimba nyimbo yonse kangapo ife tikumvetsera, kenaka anaidula m'zigawo zing'onozing'ono: iye aimbe chigawo, ife tibwereze, iye aimbenso, ife tibwerezenso, kufikira zigawo zija zitalumikizana. Pepala la nyimboyo linalipo, koma anatiuza kuti tidzalandira pomaliza maphunziro. Poyamba m'chipindamo munali kusakhazikika, pakuti anthu amene angathe kuwerenga nyimbo yovuta pakuiona koyamba sakonda kuuzidwa kuti adikire. Koma apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake maphunziro otere amafuna anthu odziwa kale kuimba. Munthu amene zala zake zikufunafunabe malo pa nsambo sangathe kumva zinthu zing'onozing'ono zimene mphunzitsi akuchita ndi uta, kamtengo kokhwekhweza pa nsambo za vayolini, pomwe amene zala zake zinazolowera angathe kupereka maganizo ake onse ku khutu ndi ku dzanja lamanja.

Nthawi yaitali tinaithera pa mtundu wa nyimbo wotchedwa strathspey, umene unatenga dzina lake ku chigwa cha mtsinje wa Spey. Nyimbo imeneyi imagunda kanayi, ndipo chizindikiro chake ndi liwu lalifupi kwambiri limene limagwera pa kugunda penipeni, lotsatidwa ndi liwu lalitali. Pa pepala zimenezi zimalembedwa mosavuta, moti aliyense wa ife ankaziimba molondola monga mwa masamu ake. Mphunzitsi anayenda mozungulira bwalo lathu akuyang'ana manja, ndipo anaima kutsogolo kwa mayi wina woimba mu okestra amene anakhala pafupi nane. Anamugwira mkono pang'ono pamwamba pa chikhatho, nati: "Mayi, uta wanu ukuyenda bwino kwambiri, koma ukuyenda mofanana paliponse. Pano lumani nsambo, kenaka muisiye ilire yokha." Mayi uja anayesa, ndipo tonse tinamva kusiyana kwake nthawi yomweyo: liwu lalifupi lija linatuluka lakuthwa, lalitali lija linatsala likulendewera, ndipo mapazi a anthu angapo anayamba kugunda pansi popanda wowauza. Kusintha konseko kunali kwa chala chimodzi chokanikiza uta ndi kachigawo kakang'ono ka sekondi, zinthu zimene palibe wolemba nyimbo angathe kuziika pa pepala.

Tsiku lina woimba ndi pakamwa wa m'kalasi ina anabwera kudzatiimbira puirt à beul, zomwe ndi nyimbo za gule zoimbidwa ndi mawu a Gaelic popanda chida chilichonse. Anaimba strathspey yomwe ija imene tinkaphunzira, ndipo tinauzidwa kuti tiike mavayolini pansi ndi kuyamba kutchula mawuwo, ngakhale ambiri a ife sitinkadziwa tanthauzo lake. M'chilankhulo chimenechi mphamvu ya liwu kawirikawiri imagwera pa chigawo choyamba, ndipo mavawelo ena ndi aafupi pamene ena ndi aatali, kotero kuti pakamwa pamachita pokha chimene uta unkavutikira. Oimba ambiri amakhulupirira kuti kayendedwe ka nyimbozi kanachokera m'kalankhulidwe, ndipo nditabwerera pa vayolini ndinaona kuti chikhulupiriro chimenechi chili ndi maziko. Nkhaniyi imandikhudza, chifukwa kalembera wa mu 2011 anapeza anthu pafupifupi 57,000 okha olankhula Gaelic m'dziko lonse la Scotland, ndipo ngati kayendedwe ka nyimbo kamadalira pakamwa pa olankhula, ndiye kuti chilankhulo chikafooka nyimbonso zimataya kanthu kena ngakhale mabuku ake atasungidwa onse.

Dzina la Cape Breton linkatchulidwa pafupifupi tsiku lililonse. Chilumba chimenechi chili ku Nova Scotia m'dziko la Canada, ndipo chinalandira anthu ambiri olankhula Gaelic amene anachoka kumapiri ndi kuzilumba za Scotland, makamaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ena atachotsedwa m'minda ndi eni malo ofuna kuwetapo nkhosa. Kumeneko anasunga kaimbidwe kogwirizana ndi gule wopondaponda mapazi, yemwe ku Scotland anali atatsala pang'ono kuiwalika. Buddy MacMaster, woimba vayolini wa ku Judique amene anamwalira mu 2014, ndi mmodzi mwa anthu a ku Cape Breton amene anabwera kudzaphunzitsa pa koleji imeneyi. Ifenso tinapatsidwa ovina awiri kuti tiwaimbire. Wovina sanamizika: woimba akathamanga mapazi amasokonezeka, akafooketsa kugunda mapazi a wovina amalemera, ndipo akachoka pa strathspey kulowa mu reel, yomwe ndi yofulumira ndi ya mawu ofanana kutalika, popanda kukonzekera bwino, wovina amaima n'kumuyang'ana. Kwa ine masana amenewo anali opindulitsa kuposa phunziro lina lililonse, pakuti anatikumbutsa kuti nyimbozi zinapangidwira anthu oimirira, osati okhala pa mipando.

Phindu la kugonera komweko limaonekera usiku. Ku Skye m'chilimwe kunja kumawalabe mpaka cha m'ma 10 koloko usiku, ngakhale kuti kukhala panja madzulo kopanda mphepo n'kovuta chifukwa cha tizilombo ting'onoting'ono touluka toluma timene timabwera mwaunyinji. Choncho tinkasonkhana m'kati, oimba vayolini, akodiyoni, gitala ndi zitoliro pamodzi, popanda ndondomeko yolembedwa. Msonkhano wotere uli ndi malamulo ake osanenedwa. Amene wayamba nyimbo ndiye mwini liwiro lake, ndipo ndiye amakweza mutu kapena phazi posonyeza kuti tikulowa m'nyimbo ina. Amene sakuidziwa nyimboyo amamvetsera kaye, n'kulowa mwapansipansi ikabwerezedwa kachiwiri kapena kachitatu. Bambo wina wachikulire woimba akodiyoni ankaimba nyimbo imene tinaphunzira mmawa mosiyanako ndi mphunzitsi wathu, pena kuchotsa liwu, pena kuonjezera kokongoletsa, ndipo mphunzitsiyo, amene anali pomwepo, anangomwetulira n'kumutsatira. Munthu wophunzira masana n'kupita kukagona kwina sangaone zimenezi, ndipo akhoza kubwerera kwawo akuganiza kuti nyimbo iliyonse ili ndi njira imodzi yolondola. Mtengo wake ndi tulo, pakuti kalasi ya mmawa sidikira amene anagona mochedwa, ndipo pofika pakati pa maphunziro mapewa ndi zala zinali zikudandaula.

Sindikufuna kumveka ngati ndikunyoza mabuku. Popanda mabuku, nyimbo zambiri za akatswiri akale a vayolini monga Niel Gow, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1727 mpaka 1807, kapena James Scott Skinner, amene anamwalira mu 1927, sizikanatifika monga zilili, ndipo chilumba cha Skye chomwechi chinapereka dzina ku buku la nyimbo limene dokotala Keith Norman MacDonald anasindikiza mu 1887. Koma buku limasunga mafupa a nyimbo, ndipo mnofu wake uyenera kufunidwa kwa anthu. N'chifukwa chake mphunzitsi anatilozera ku Tobar an Dualchais, nkhokwe ya pa intaneti imene likulu lake lili pa koleji pomwepa, momwe muli mawu ojambulidwa a oimba ndi ofotokoza nthano, ambiri mwa iwo otengedwa ndi School of Scottish Studies, nthambi ya yunivesite ya Edinburgh yomwe inayamba mu 1951. Anatilangiza kuti tisankhe woimba mmodzi wakale, timumvetsere kwa nthawi yaitali tisanagwire uta, ndipo tiyese kumva pamene amapuma ndi pamene amakoka liwu.

Amene akufuna kubwerako ndi nyimbo zambirimbiri zatsopano mwina sangakhutire, chifukwa m'kalasi tinaphunzira zochepa ndipo iliyonse tinaibwereza mpaka kutopa nayo. Amene akulingalira zopita ayambe msanga kudziphunzitsa kugwira nyimbo ndi khutu kuchokera ku zojambulidwa, atenge nsambo zapadera ndi chojambulira mawu, ndipo apemphe chilolezo asanajambule munthu aliyense. Akonzekerenso kuvina, pakuti usiku womaliza pamakhala cèilidh, phwando la nyimbo ndi magule, ndipo oimba amasinthana: gulu lina likamaimba, lina limakhala pabwalo, kotero kuti aliyense amamva m'miyendo mwake ngati anzake akuligwira bwino liwu lalifupi lija kapena ayi.