Ngalande isanafike mvula

Sabata ino mpira unachepa pabwalo lathu, makasu ndiwo anachuluka. Ndine mphunzitsi wa timu ya ana kuno kumunsi kwa phiri la Mulanje, ndipo m'timu ya kumudzi mphunzitsi ndi yemweyo mlembi, wopopa mipira, komanso wokagogoda pakhomo la makolo mwana akabinya mwendo.

Lolemba tinakhala pakhonde ndi amayi omwe amatisungira chuma, kuwerengera zomwe zalowa. Ndalama zathu zilibe mwini mmodzi. Makolo amasonkha kangachepe pamwezi, ena amabweretsa nandolo kapena chinanazi kuti tigulitse, ndipo anyamata omwe anakulira m'timuyi, tsopano ali ku Limbe ndi ku Joni, amaponya pa Mpamba kapena Airtel Money akakumbuka kwawo. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpira umodzi wabwino umatidyera ndalama yomwe kale inkakwana mipira ingapo. Tinagwirizana kuti yunifolomu idikire, ndalama ipite ku simenti.

Ofika kumene sadziwa kuti bwaloli linali tchire. Timuyi inayambitsidwa ndi mphunzitsi wina wa pulaimale, tsopano anapuma, yemwe ankatopa kuona ana akuthawa m'kalasi kukasenza katundu pamsika kapena kutsatira akuluakulu kumalo oonetsera mafilimu. Anakapempha malo kwa a gulupu, ana nkuzula zitsa okha. Magolo anali ansungwi, mpira unali chikulunga chamajumbo, mizere tinkalemba ndi phulusa. Ine ndinali mmodzi wa ana amenewo. Magolo achitsulo anabwera patapita zaka, owotcheredwa pa Chitakale, ndipo tsiku lomwe tinawazika anthu anavina ngati kuli ukwati.

Kenako namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023. Sindifanizira bwalo ndi miyoyo yomwe inatayika kuno, ku Phalombe ndi ku Chilobwe. Komabe madzi ochokera kuphiri anadula bwalo lathu pakati, kusiya chigwembe choti mwana wa Sitandade 4 akalowamo umangoona mutu. Tinakwirira ndi miyala ndi dothi, tinabzalanso kapinga, koma dzinja lililonse madzi amakumbukira njira yawo yakale. Kuno mvula sinyengerera, ndipo ngakhale mwezi wa Juni chiperoni chimatha kunyowetsa bwalo masiku otsatizana.

Ndiye Lachiwiri ndi Lachitatu tinakumba. Bambo wina yemwe anagwira ntchito zaka zambiri m'minda ya tiyi, wodziwa kutchinga madzi pamalo otsetsereka, ndiye anatitsogolera. Anafika ndi chingwe, zikhomo ndi paipi yoonekera mkati yodzaza madzi yoyezera kutsetsereka kwa nthaka. Anatiletsa kukumba molunjika kumunsi monga tinkaganizira. Anati ngalande izungulire kumtunda kwa bwalo, itsike pang'onopang'ono, chifukwa madzi othamanga ndiwo amakumba. M'mbali mwake tibzala vetiva kuti mizu igwire dothi, ndipo pokhota pokha ndi pomwe tiyale miyala ndi simenti. Ndinamuona atagwada, akufinya dothi lofiira m'manja, nkuuza anyamata kuti apa pansi pali kasupe, musapondepo ndi wilibala. Atakumba pang'ono madzi anayamba kutuluka. Nzeru zotere sitikanazigula, ndipo mwiniwake sanafune kanthu kupatula tiyi ndi chinangwa chophika.

Ana aang'ono sindinawalole kugwira khasu nthawi ya sukulu. Lamulo lathu ndi lakale: wojomba kusukulu sakhudza mpira sabata imeneyo, ngakhale akhale womwetsa zigoli. Aphunzitsi amanditumizira mayina Lachisanu lililonse.

Lachinayi kunabwera mlendo wa galimoto yabwino, wofuna kukhazikitsa chikho m'dzina lake. Anthu otere amachuluka chisankho chikayandikira, chikadutsa amasowa. Anati abweretsa yunifolomu yolembedwa dzina lake kumsana ndi ndalama ya opambana. Ndinamulandira mwaulemu, ndinamuyendetsa m'mphepete mwa ngalande, kenako ndinamuonetsa kachipinda kathu kosafolera. "Bwana, ngati mukufuna kuthandiza ana awa, tigulireni malata ndi chitseko," ndinatero. Anati aganizira. Sindidana ndi zikho, ana amazikonda. Koma chikho chimatha Loweruka limodzi, ndalama igawidwa, ena akangana, ndipo Lolemba bwalo likadali lomwe lija.

Kachipindako ndi nkhani yomwe imandisowetsa tulo. Atsikana amabwera ambiri ali aang'ono, makamaka chitengereni Scorchers, timu ya dziko ya amayi, chikho cha COSAFA mu 2023. Aliyense akufuna kukhala Temwa kapena Tabitha Chawinga, ndipo amadziwa kuti awiriwa anachokera kumudzi ku Rumphi, osati m'tauni. Koma akangotha msinkhu amayamba kuzimirira mmodzimmodzi. Titafunsa amayi a m'komiti, yankho linali lachidule: mtsikana wamkulu sangavule kuseri kwa tchire anyamata akuyang'ana, ndipo pabwalo palibe chimbudzi. Chimbudzi tinamanga chaka chatha ndi njerwa zoumba makolo. Atsikana ena omwe anasiya anabwerera. Chatsala ndi chipinda chosinthira, makoma afika kale pamwamba.

Lachisanu linapita ndi mapepala. Mpikisano wa ana umafuna umboni wa zaka, ndipo si mwana aliyense ali ndi chiphaso chobadwira cha NRB. Ena tinawapezera makadi akusikelo, ong'ambika, osungidwa m'jumbo pansi pa sutikesi ya agogo. Kubera zaka sindikufuna m'timu yanga. Mnyamata wandevu akasewera ndi ana, amalanda malo a mwana yemwe akanakula bwino, ndipo amatha kumuthyola.

Loweruka tinalandira timu ya ku Luchenza. Tinalemba mizere ndi laimu m'mamawa, tinamanga maukonde osokedwasokedwa aja, oyimbira tinamulipira za kabaza. Anthu anadzaza mpaka pamulu wa dothi la ngalande. Chiyambire pomwe timu ya kuno ya FOMO inalowa mu Super League mu 2024 nkumalandira matimu akuluakulu pa Mulanje Park, makolo kuno anasiya kuona mpira ngati kutaya nthawi. Anaona ndi maso awo kuti mwana wa ku Mulanje angathe kuyima pabwalo limodzi ndi Bullets kapena Wanderers. Atsikana anapambana, anyamata anafanana mphamvu, ndipo goloboyi wathu wamng'ono anagwira penate mpaka agogo ake analowa m'bwalo ndi nthungululu, masewera nkuima kaye.

Madzulo tinadutsa ndi chipewa pakati pa anthu. Zomwe zinapezeka zikwana matumba ochepa a simenti, okwanira pokhota pamodzi. Pokhota pachiwiri, pafupi ndi golo la kumadzulo, tiyala miyala yokha kaye, ndipo Lachiwiri anyamata akuluakulu apita ndi ngolo kukatuta mchenga kumtsinje.