Lachisanu ku Łagiewniki

Lero ndinadzuka mochedwa chifukwa kunja kunali chisanu cholowa m'mafupa. Cha m'ma 1 koloko ndinakwera tramu, sitima yoyenda m'misewu ya mumzinda, yopita ku Łagiewniki, kummwera kwa mzinda wa Kraków kuno ku Poland, kuti 3 koloko indipeze m'tchalitchi momwe muli mafupa a Faustina Woyera, sisitere Faustina Kowalska amene anafalitsa pemphero la Chifundo cha Mulungu. Amayi anga ankapemphera korona ya Chifundo cha Mulungu tsiku lililonse, ndiye dzina lakuti Kowalska ndinakula nalo ngati dzina lopatulika, la munthu mmodzi yekhayo.

Titatuluka, mayi wina wachikulire amene tinakhala naye benchi limodzi anandiuza kuti iyenso ndi Kowalska.

"Ndiye kuti ndinu achibale, mayi?" ndinafunsa mtima uli phaphapha.

Anaseka mpaka kupukuta misozi. Akuti ku Poland kuno anthu a dzinali ndi oposa 130,000, ndipo loliposa ndi limodzi lokha, Nowak, lomwe eni ake ali pafupifupi 200,000. Munthu akafuna kupereka chitsanzo cha munthu wamba amangoti Jan Kowalski.

Zimene anandifotokozera pambuyo pake ndi zomwe zandikhalitsa maso mpaka usiku uno. Dzinali linachokera ku mawu akuti kowal, kutanthauza wosula zitsulo. Kale mudzi uliwonse unkafuna munthu wosula makasu, nkhwangwa ndi zitsulo za kumapazi kwa akavalo, choncho dzinali linamera m'midzi yambirimbiri popanda mgwirizano uliwonse. Ena analitenga ku ntchito ya kholo lawo, ena ku midzi yotchedwa Kowale. Kwathu a Phiri awiri akakumana pa basi amayamba kufunsana za kumudzi, mpaka wina kukhala malume a mnzake. Kuno ayi, a Kowalski awiri amangodutsana.

Kachidutswa ka -ski kumapetoko poyamba kanali ka mabanja apamwamba okhala ndi minda, kusonyeza malo awo, kenako anthu wamba nawonso anakatengera. Mwamuna ndi Kowalski, mkazi ndi Kowalska, banja lonse ndi Kowalscy. Ngakhale Kowalczyk ndi Kowalewski muzu wake ndi womwewo, monganso Kovács wa ku Hungary.

Faustina anabadwa mu 1905 m'mudzi wa Głogowiec, dzina lake la ubatizo linali Helena, ndipo anamwalira mu 1938 ali ndi zaka 33. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anamulengeza woyera pa 30 Epulo 2000. Bambo ake a Faustina sanali wosula n'komwe, ankalima ndi kupala matabwa. Poyamba nkhaniyi inandikhumudwitsa pang'ono, koma ndili m'tramu pobwerera ndinaona kuti ndikumukonda kwambiri tsopano, mwana wa mlimi wokhala ndi dzina la aliyense.

Mawa m'mawa ndiwaimbira amayi ndiwauze. Pakali pano nsima ya ufa wa kusitolo ikundidikira, ndipo yayamba kuzizira.