Mankhwala a matenda a kumbuyo kwa diso: nkhani yagona pa kufika kwake

Mtima wanga wakhala pansi tsopano pa mutu wa kuchiza matenda oyamba ndi tizilombo kumbuyo kwa diso, mutu umene unandisautsa kwa nthawi yaitali chifukwa unkaoneka ngati mulu wa mayina ndi milingo yofunika kungoloweza pamtima. Sinditaya nthawi pa kapangidwe ka diso, pakuti anzanga amene tili limodzi m'maphunziro amenewa mukudziwa kale, koma kwa ena ndingonena mwachidule kuti retina ndi kachikopa kozindikira kuwala kumbuyo kwa diso, choroid ndi gawo la mitsempha ya magazi limene lili kuseri kwa retina, ndipo vitreous ndi madzi okhuthala oonekera amene amadzaza mkati mwa diso. Chimene chanditsegula mutu n'chakuti tisanafunse kuti ndi mankhwala ati amene amapha kachilombo kakutikakuti, tiyenera kufunsa kuti mankhwalawo akafika bwanji pamene pali kachilomboko, ndiponso kuti akafika akhalapo kwa nthawi yaitali bwanji.

Pakati pa magazi ndi retina pali mpanda wa mbali ziwiri. Mbali yamkati ndi maselo okuta timitsempha ta magazi ta mu retina, amene analumikizana mothinana moti sasiya mpata, ndipo mbali yakunja ndi maselo a retinal pigment epithelium, amene amalekanitsa retina ndi choroid. Mpandawu ndi wofanana ndi umene umatchinjiriza ubongo, ndipo n'zosadabwitsa popeza retina imamera kuchokera ku ubongo pamene mwana akuumbika m'mimba. Mankhwala odontheza m'maso sathandiza kuno, chifukwa ambiri amakokoloka ndi misozi, gawo lolowa m'chipinda chakutsogolo kwa diso kawirikawiri silifika 5 peresenti, ndipo lofika mu vitreous ndi lochepa zedi. Nditamvetsa zimenezi, lamulo la chindoko cha m'diso linasiya kundizunguza. Timachichiza ngati chindoko cha mu ubongo, ndi penicillin G wa mumtsempha, mayunitsi 18 mpaka 24 miliyoni patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, osati ndi jakisoni wa benzathine penicillin wobaya mumnofu. Kachilombo n'komweko ndipo mankhwala ndi a mtundu womwewo, koma benzathine amatuluka pang'onopang'ono kwambiri, moti mlingo wake m'magazi sukwera mokwanira kuti wina aoloke mpanda.

Pamene mfundoyi inandikhazikikira kwenikweni ndi pa endophthalmitis (kutupa kwa mkati mwa diso chifukwa cha tizilombo) yobwera pambuyo pa opaleshoni ya ng'ala. Kafukufuku wa Endophthalmitis Vitrectomy Study, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1995, anatsata odwala 420. Onse anabayidwa vancomycin ndi amikacin mkati mwa vitreous, ndipo ena anawonjezeredwa ceftazidime ndi amikacin kudzera mumtsempha, koma mankhwala a mumtsemphawo sanasinthe kanthu pa kuona kwa odwala. Ambiri amaloweza chiganizo chimenechi motere: mankhwala olowera m'magazi alibe ntchito pa endophthalmitis. Koma kafukufukuyo sananene choncho. Anayesa mankhwala awiri okha, ndipo amikacin salowa bwino mu vitreous kuchokera m'magazi, pamene mankhwala amene anabwera pambuyo pake, monga moxifloxacin, amalowa bwino ngakhale munthu atamwa ngati piritsi. Komanso odwalawo tizilombo tinawalowera pabala la opaleshoni. Munthu amene tizilombo tafika m'diso kudzera m'magazi, kuchokera pa chithupsa cha m'chiwindi kapena ku mtima, sangachire popanda mankhwala a thupi lonse. Masiku ano ambiri amabaya vancomycin 1 mg ndi ceftazidime 2.25 mg, aliyense mu 0.1 ml, singano ikulowera pa pars plana, malo amene ali kutsogolo kwa pamene retina imathera, mamilimita 3.5 mpaka 4 kuchokera m'mphepete mwa cornea, kachikopa koonekera ka kutsogolo kwa diso. Amikacin anayamba kupewedwa chifukwa amatha kutseka timitsempha ta pa macula, pakati pa retina pamene timaonera bwino kwambiri. Vitreous yonse ndi pafupifupi mamililita 4 okha, choncho kamlingo kakang'onoko kamakhala kamphamvu kwambiri, ndipo wosakaniza mankhwala akalakwitsa pang'ono retina imawonongeka kosabwerera.

Kutuluka kwa mankhwala nakonso kuli ndi dongosolo lake. Vancomycin amatulukira kutsogolo, motsatira madzi a m'chipinda chakutsogolo, ndipo amachedwa, pamene mankhwala ngati clindamycin ndi a gulu la fluoroquinolone amapopedwa kudutsa pa retina n'kutha msanga. Kutupa kumafooketsa mpanda ndi mapampu akewo, ndiponso diso lochotsedwa vitreous silisunga mankhwala nthawi yaitali. N'chifukwa chake timamuonanso wodwala pakatha maola 48 mpaka 72 kuti tione ngati pakufunika kubayanso. Pa mafangasi nkhani ndi yomweyo: fluconazole ndi voriconazole amaoloka bwino, amphotericin B wa mumtsempha ndi ma echinocandin saoloka bwino, motero fangasi wa Candida akafika mu vitreous kawirikawiri pamafunika jakisoni wa m'diso pamwamba pa mankhwala a thupi lonse.

Munthu akafika apa amayamba kuganiza kuti jakisoni wa m'diso ndiye yankho la zonse, ndipo CMV retinitis, kutupa kwa retina koyambitsidwa ndi vairasi ya cytomegalovirus, ndiyo imamubweza. Matendawa amagwira makamaka anthu amene CD4 yawo (chiwerengero cha maselo a chitetezo amene HIV imawononga) yatsika pansi pa 50. Ganciclovir anavomerezedwa ku United States mu 1989, ndipo mu 1996 kunabwera kachipangizo koika m'diso kotulutsa ganciclovir pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo. Kankateteza bwino diso limene kaikidwamo, koma diso linalo ndi ziwalo zina zinkatsala pambalambanda. Mpanda womwe umakaniza mankhwala kulowa umachititsanso kuti oikidwa mkati asathandize kwina. Apa ndi pamene valganciclovir wakumwa, 900 mg kawiri patsiku kwa masiku 14 mpaka 21 kenako kamodzi patsiku, amaonetsa ubwino wake, ngakhale kuti amatsitsa maselo oyera a magazi ndipo mlingo wake umadalira mphamvu ya impso. Wochiza weniweni pamapeto pake ndi chitetezo cha m'thupi chikabwerera ndi ma ARV. Acute retinal necrosis, kufa mofulumira kwa retina chifukwa cha mavairasi a gulu la herpes, nayo timaichiza ndi aciclovir wa mumtsempha kapena valaciclovir wambiri wakumwa, osati pofuna kupulumutsa diso lodwala lokha komanso potchinjiriza linzake.

Zonsezi ndinazigwira chifukwa cha njira imodzi, ndipo ndikhulupirira kuti palibe ina yoiposa. Ndimajambula diso lodulidwa pakati, ndimalemba pamene pali kachilombo, kenako ndimakoka muvi wosonyeza polowera mankhwala, wina wosonyeza potulukira, ndi wachitatu wopita ku diso linalo. Amene wajambula zimenezi ndi dzanja lake amayamba kumvetsa matebulo a m'mabuku. Chimene chimandiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anaphunzitsa za mpandawu m'chaka china, m'phunziro la kagwiridwe ntchito ka thupi, ndipo za mankhwalawa anaziphunzitsa m'chaka china mothamanga, ngati zinthu zosakhudzana, pamapeto pa teremu pamene aliyense maganizo ali pa mayeso. Tinkauzidwa kuti tiloweze milingo, ndipo wofunsa chifukwa chake ankayankhidwa kuti nthawi yatha. Chikhala kuti wina anaima pa bolodi kwa mphindi zochepa n'kulumikiza ziwirizi, ambiri a ife tikadayamba kale kuganiza m'malo mongoloweza.

Pali malo amodzi pamene mivi yanga siifika, ndipo ndi pa ma steroid, mankhwala ochepetsa kutupa. Pa toxoplasmosis, matenda oyamba ndi kachilombo ka Toxoplasma, dongosolo likumveka: pyrimethamine, sulfadiazine ndi folinic acid, kapena cotrimoxazole, ziyambe kaye, steroid wa prednisolone abwere pambuyo, pakuti steroid wopanda mankhwala opha kachilombo angachititse kuti retina iwonongeke mofulumira. Komabe mankhwala onsewa sapha timatumba ta Toxoplasma togona mu retina, ngakhale afike ochuluka bwanji, ndiye kuti kufika pakokha sikumaliza nkhani. Pa endophthalmitis ya mabakiteriya, akatswiri ena amawonjezera steroid wa dexamethasone mu jakisoni yemweyo poopa kuti kutupa kuwononga retina kuposa tizilombo, ena sawonjezera, ndipo kafukufuku amene wachitika sakugwirizana. Ndikaganiza za wodwala amene dzulo amaona bwino koma lero akungozindikira kuwala, ndimaona nzeru mbali zonse ziwiri, ndipo mpaka pano sindinatsimikize mumtima kuti tsiku limene singano idzakhale m'dzanja langa ndidzatsamira mbali iti.