Wagwa pa njinga yamoto koma wadzuka akuseka? Musamusiye yekha

M'misewu ya ku Angónia ndi ku Tsangano, munthu akagwa pa njinga yamoto n'kudzuka yekha, kusasa fumbi, n'kuyamba kufunsa za thumba lake la mbatatesi, anthu amati wapulumuka. Madokotala ochita opaleshoni ya ubongo samasuka msanga chotero, makamaka ngati wamenyetsa pambali pa mutu, pakati pa diso ndi khutu.

Pamalo amenewa fupa la chigaza ndi lopyapyala, ndipo kunsi kwake kumadutsa mtsempha wa magazi. Fupalo likang'aluka, mtsemphawo umaduka, magazi n'kumaunjikana pakati pa chigaza ndi chikopa cholimba chimene chimakuta ubongo. Chigaza cha munthu wamkulu sichifutukuka ayi. Magazi akamachuluka, chimene chimapanikizika ndi ubongo. Poyamba thupi limapeza malo pokankhira kwina madzi ozungulira ubongo, n'chifukwa chake wovulala amatha kuyankhula bwinobwino kwa maola angapo. Malowo akatha, amafooka mofulumira kwambiri. Magazi oundana opitirira mamililita 30, masupuni aakulu awiri okha, ndi okwanira kuti dokotala atsegule chigaza, awachotse, n'kutseka mtsemphawo. Zikachitika nthawi yake, ambiri amachira ndithu.

Vuto lathu ndi mtunda. Kuchokera m'tauni ya Ulónguè ku Angónia kukafika mumzinda wa Tete, kumene kuli chipatala chachikulu, ndi makilomita oposa 200, choncho kudikira kuti "tione mawa" ndiko kumapha. Thamangirani kuchipatala mukaona mutu ukupwetekerapwetekera, kusanza kobwerezabwereza, tulo tovuta kudzutsa, kukomoka, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi utafooka, kapenanso madzi oyera akutuluka m'mphuno ngakhale m'khutu. Muunikeninso m'maso ndi tochi ya foni: kadontho kakuda ka diso limodzi kakakula kuposa kanzake, nthawi yatsala pang'ono. Ndipo musamanamizire kachasu. Woledzera amene wamenyetsa mutu timuone ngati wovulala ubongo mpaka achipatala atanena okha. Aspirin musam'patse, amachedwetsa magazi kuundana; paracetamol alibe vuto limenelo. Pomunyamula, khosi lisapindike.

Kuchipatala amagwiritsa ntchito muyeso woona mmene wovulala akuzindikirira zinthu, umene madokotala Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anakonza ku Glasgow, m'dziko la Scotland, mu 1974. Kutsegula maso kumapatsidwa mapointi ofika 4, kuyankhula 5, kusuntha thupi 6. Wabwinobwino amapeza 15, wokomokeratu 3, ndipo 8 kapena kutsika apo ndiye kuti zavuta kwambiri. Chofunika si nambala imodzi koma mmene ikusinthira, ndiye inu amene mwaperekeza wodwala nenani nthawi yeniyeni imene anagwa ndi nthawi imene anasiya kuyankha bwino.

Bala likapola, ntchito siinathe. Ofufuza za kaganizidwe amene amagwira ntchito limodzi ndi madokotala a opaleshoni amayesa odwala patapita miyezi: kukumbukira mawu asanu pakadutsa mphindi zochepa, kuwerenga manambala chobwerera m'mbuyo, kujambula wotchi. Zimene zimalephereka kawirikawiri ndi kukumbukira zatsopano, kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndi kudziletsa. Mbali ya kutsogolo kwa ubongo imakhala pa mafupa okhakhala a m'kati mwa chigaza, motero imavulala ngakhale munthu atamenyetsa kunkhongo. Ndiye mumapeza bambo amene kale anali wofatsa akupsa mtima pachabe, akuiwala chenji pamsika, koma nyimbo za paubwana akuziimba zonse. Achibale amayamba kuganiza zamatsenga kapena ulesi, pomwe ndi bala losaoneka.

Woteroyo muzimuuza chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, pamalo opanda phokoso. Zoti achite muzilemba m'kabuku, agone mokwanira, mowa ausiye, ndipo asakwerenso njinga yamoto kufikira dokotala atavomereza. Akayambiranso, chisoti chikhale chomanga lamba pachibwano, pakuti chosamanga chimavuka mutu usanafike n'komwe pansi.