Tsiku lofulula, mkangano wa mkuwa

Lero tinafulula. Chimera chinali chitalowa kale m'madzi otentha pamene mnzanga amene timafulula naye anatulukira atakolekera paphewa paipi yake ya mkuwa, ija yopindidwa ngati nkhata, yomwe timaziziritsira madzi a chimera akatha kuwira. Nditaitembenuza ndinaona kuti kunsi, pomwe mipindiyo imagundana, kuli timadontho tobiriwira mopita kubuluu, touma, tomatirira pachala ukakhudza.

"Achimwene, iyi silowa mumphika ili chonchi."

"Aaa, inunso! Si iwira? Zonse zifera momwemo."

Kuwira kumapha tizilombo, zimenezo n'zoona, koma chobiriwiracho si kachilombo. Ndi dzimbiri la mkuwa, lomwe limabwera paipi ikasungidwa yonyowa, ndipo limasungunuka msanga m'madzi owawasa ngakhale pang'ono. Madzi a chimera pH yake (muyeso wa kuwawasa, nambala ikachepa ndiye kuti kuwawasa kwachuluka) imakhala cha m'ma 5.2, ndiye dzimbiri lonselo likanangothera mumowa. Tinathira viniga woyera m'beseni, n'kupukuta malo obiriwirawo ndi nsanza mpaka anayera, kenako tinatsukuluza ndi madzi ambiri. Iwo anafuna kuti tiikweche yonse iwale. Ndinawaletsa. Kuderako kwa paipi yomwe yagwira ntchito nthawi yaitali ndi chikopa chake, ndipo mkuwa wongokwechedwa kumene ndi umene umasungunukira kwambiri mumphika. Bulichi ndiye sitiyandikitsa n'komwe, amadya mkuwa n'kuusiya wakuda.

Mphika unawira bwinobwino, hops, timaluwa towawitsa ndi kununkhiritsa mowa, tinathira pa nthawi yake, paipi ija inalowa kutatsala mphindi 15 kuti tizimitse moto, kuti nayonso ipsereze tizilombo. Tili chodikira, anayambitsa nkhani yoti kunyumba kwawo akuvutitsidwa: akuti mkuwa ndi poizoni, autaye agule zonse za stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri.

Ine sindikugwirizana nazo, bola tikunena za mbali yamoto, ya kuwiritsa ndi kuziziritsa madzi a chimera mowa usanasase. Anthu afulula m'miphika ya mkuwa kwa zaka mazanamazana, ndipo ku Plzeň m'dziko la Czech Republic, komwe mowa wa pilsner unayambira mu 1842, miphika ya mkuwa ikadagwirabe ntchito. Mkuwa umalandira kutentha ndi kukupereka msanga kuposa stainless, n'chifukwa chake paipi yoziziritsira ya mkuwa imatsitsa mphika mofulumira. Kamkuwa kochepa komwe kamalowa m'madzi a chimera kamatha pafupifupi konse kasanafike mutambula. Kena kamatsika ndi matsokwe pansi pa mphika, kena yisiti imakatenga chifukwa imakafuna pang'ono kuti ikule, ndipo kamathandizanso kuchotsa mpweya wa hydrogen sulfide, uja wonunkha mazira ovunda umene umatuluka nthawi zina mowa ukamasasa. Ngakhale malamulo a zakudya a bungwe la FDA ku America, omwe amaletsa mkuwa kukhudzana ndi chakudya chilichonse cha pH yochepera 6, anapatula ofulula mowa: amalola mkuwa pa ntchito zonse za mowa usanasase ndi pamene ukusasa. Kupitirira pamenepo salola.

Ndipo pamenepo mpomwe tinadzakanganirana zenizeni masana. Titapopera madzi ozizira m'paipi, mphika n'kutsika kufika madigiri 20, yisiti n'kulowa, mnzangayo anapisa m'thumba n'kutulutsa kampopi ka brass, chitsulo chachikasu chokhala ndi mkuwa, ndi kachidutswa ka paipi ya mkuwa. Akuti akufuna kumangirira pa keg, mgolo wachitsulo wosungiramo mowa, kuti tizitungira mowa ukapsa, chifukwa "zimaoneka bwino". Kuoneka ndiye kumaonekadi, sindinawatsutse. Koma mowa wakupsa si madzi a chimera. Umakhala wowawasa kwambiri, pH yake imatsika kufika pakati pa 4 ndi 4.5, uli ndi mpweya wa carbon dioxide umene m'madzi umasanduka asidi, ndipo yisiti yoti itole mkuwa yatsika kale pansi. Chinanso n'chakuti mumphika paipi imakhalamo ola limodzi losakwana, pamene mowa wotsalira mumpopi umagona momwemo usiku wonse, mwina sabata, ukunyambita chitsulocho. Tambula yoyamba kutunga ndi imene imanyamula zonsezo.

Zoterezi zinachitikapo ndi makina othira zakumwa zoziziritsa kukhosi: mpweya ukabwerera m'mapaipi a mkuwa obweretsa madzi, omwa amayamba nseru ndi kusanza pasanathe nthawi. Bungwe la WHO linaika malire a mkuwa m'madzi akumwa pa mamiligalamu 2 pa lita imodzi, ndipo ukapitirira ndithu pamenepo m'mimba mumayamba kupota, m'kamwa mumamveka chitsulo. Ngakhale usafike podwalitsa, mkuwa mumowa wakupsa umafulumizitsa kuguga, kukoma kwa hops kumazilala msanga. Tinakumbutsananso kuti pali anthu a matenda a Wilson, amene thupi lawo silitha kutaya mkuwa, ndipo munthu sudziwa aliyense amene ungamuthirire tambula.

Kampopi ka brass kaja kali ndi mlandu wakenso wapadera. Brass ndi mkuwa wosakaniza ndi zinc, koma opanga akhala akuthiramo mtovu pang'ono kuti chitsulocho chizisemeka bwino pamakina. Ku America lamulo linkalola mpaka 8 peresenti pa zipangizo za madzi akumwa, ndipo kuyambira mu 2014 mpomwe anatsitsa kufika 0.25 peresenti. Kawo kaja n'kakale, kopanda chizindikiro chilichonse. Mtovu ndiye thupi siliufuna ngakhale kadontho, ndipo palibe yisiti yomwe ndingaidalire kuti indichotsere. Nkhani yomweyo imakhudza solder yomatira mapaipi: ya mapaipi a madzi akumwa yopanda mtovu ndiyo yoyenera, ija ya tini ndi mtovu yomatira mawaya isayandikire.

Nkhaniyo inatifikitsa pa valavu yatsopano ya brass yomwe ndikufuna kuika pa mphika wowiritsira. Titamaliza kutsuka ziwiya ndinasakaniza magawo awiri a viniga ndi gawo limodzi la hydrogen peroxide wa 3 peresenti, n'kuiponyamo. Tinaiyang'ana tonse awiri, timathovu tikukwera, mpaka patatha mphindi ngati zisanu inasanduka yachikasu chowala. Ndinaivuula pomwepo, chifukwa madziwo akayamba kubiriwira ndiye kuti mkuwa weniweniwo wayamba kusungunuka ndipo mtovu wina wavundukuka. Kumeneku n'kuchotsa mtovu wapamwamba pokha, ndipo valavuyo idzagwira ntchito kumoto basi.

Pa keg tagwirizana kuti paikidwe mpopi wa stainless ndi paipi yapulasitiki ya zakumwa. Anavomera monyinyirika, akuti pulasitiki n'njonyansa m'maso. Kampopi kawo ka brass ndakamangirira pa hosi yolowetsa madzi ozizira, komwe madzi ake amangodutsa m'kati n'kukatayika panja osakhudza mowa.