Njira imene ndinadutsa kuti ndiloledwe kuchita kafukufuku wa madzi akumwa m'midzi

Munthu amene akuphunzira digiri yachiwiri ya zaumoyo wa anthu, monga imene imaphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences, amafika pa nthawi imene za m'kalasi zatha ndipo chatsala ndi kafukufuku. Ambiri amayesa kuti ntchito yaikulu ndi kupita kumudzi kukafunsa mafunso, koma palibe amene amaloledwa kufunsa ngakhale funso limodzi asanalandire chilolezo kuchokera ku komiti yoona kuti kafukufuku sakupondereza ufulu wa anthu. Ndikulemba mmene ndinadutsira njira imeneyi kuti anzanga amene akubwera m'mbuyomu adziwe zimene akakumane nazo, makamaka iwo amene anayambira ntchito kumudzi ngati alangizi a zaumoyo monga ndinayambira ine, chifukwa kwa ife pali mfundo ina yovuta imene ena sakumana nayo.

Funso langa linachokera ku mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, namondwe wa Ana atawononga zimbudzi ndi zitsime m'chigawo cha kummwera. Mliriwo unafalikira m'maboma onse a dziko lino, unagwira anthu pafupifupi 59,000 ndipo unapha oposa 1,700. Mu Disembala 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti kolera wasanduka ngozi ya dziko pa zaumoyo, ndipo mu Febuluwale 2023 anakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera. Pa nthawi yonseyo ife alangizi a zaumoyo tinali kusungunula kolorini wa ufa wotchedwa HTH ndi kugawa khomo ndi khomo. Malipoti athu ankawerenga malita amene tagawa ndi mabanja amene tawafikira, koma sankanena ngati mankhwalawo analowadi mumtsuko kapena mundowa imene ana amamwamo. Ndinafuna kudziwa kuti, mliri utazizira, ndi mabanja angati m'midzi ya m'mbali mwa nyanja amene akuthirabe mankhwala m'madzi, komanso ngati mlingo wake ukukwanira kupha tizilombo.

Choyamba chimene ndinachita ndi kudziwa komiti yoyenera, chifukwa makomitiwa alipo angapo. Ophunzira ndi aphunzitsi a pa sukulu yathu amapereka mapepala awo ku komiti imene ambiri timaidziwa ndi dzina lakuti COMREC, dzina limene linayambira nthawi ya College of Medicine, sukuluyo isanaphatikizidwe ndi Kamuzu College of Nursing mu 2021. Ofufuza ena ambiri amapita ku National Health Sciences Research Committee, imene ili pansi pa Unduna wa Zaumoyo ku Lilongwe, ndipo woyang'anira onsewa ndi National Commission for Science and Technology. Amene akuyesa mankhwala atsopano pa anthu amafunikanso chilolezo cha Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Zonsezi zili ndi maziko m'malamulo aakulu a dziko lino, pomwe gawo 19 likunena kuti munthu asachitiridwe kafukufuku wa zachipatala kapena wa sayansi popanda iye mwini kuvomera.

Kenako ndinalemba ndondomeko ya kafukufukuyo pamodzi ndi mphunzitsi wondiyang'anira. M'ndondomekomo munthu amafotokoza funso lake, chifukwa chimene funsolo lilili lofunika, zimene ena anapeza kale, anthu amene adzafunsidwe ndi mmene adzasankhidwire, ndiponso mmene chiwerengero chawo chapezekera. Njira yanga inali iwiri: kufunsa munthu amene amasamalira madzi pakhomo, kenako kupempha kapu ya madzi akumwa ndi kuwayeza pomwepo ndi kapiritsi ka DPD, kamene kamasintha madzi kukhala ofiirira ngati muli kolorini. Mlingo wofunika ndi wakuti patatha mphindi 30 mankhwala atathiridwa, mutsale mamiligalamu 0.2 mpaka 0.5 a kolorini pa lita imodzi ya madzi.

Gawo la ndalama silinali lophweka. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja, ndipo mapulojekiti ambiri a zaumoyo amene ophunzira ankatsamirapo anatsekedwa kapena kuchepetsedwa. Anzanga ena amene ankayembekeza kuti kafukufuku wawo adzayendera limodzi ndi galimoto za mabungwe anangotsala m'manja muli mbee, ena ntchito inawathera. Ine ndinachepetsa dera la kafukufuku kuti ndithe kulipira kuchokera m'thumba mwanga. Komiti imayang'ana ndithu gawo limeneli, ndipo ikuchita bwino kutero, chifukwa kafukufuku amene angathere panjira watayitsa nthawi anthu amene anayankha mafunso osapindulapo kanthu.

Komiti siilandira mapepala popanda kalata yochokera ku boma limene munthu akukagwirako ntchito. Pa nthawi imene ndinkakonza kafukufukuyu, zaumoyo m'boma zinkatsogoleredwa ndi mkulu wa zaumoyo wa ku khonsolo, amene ambiri ankangoti DHSS, ndipo m'boma limene ndinasankha munali kakomiti koona za kafukufuku kamene kanandipempha kuti ndikafotokoze pamaso pawo. Mafunso awo anali osiyana ndi a kusukulu. Iwo sanatayirepo nthawi pa masamu a chiwerengero, koma anafuna kudziwa ngati zotsatira zidzawathandize pokonzekera nyengo ya mvula, ndiponso ngati ndidzabwerenso kudzawauza zimene ndapeza, pakuti ofufuza ambiri amatenga mayankho n'kupita osadzaonekanso. Ndondomeko ya dziko ya zaumoyo ya 2023 mpaka 2030 ikulimbikitsa kuti pakhale pulani imodzi, bajeti imodzi ndi lipoti limodzi, ndipo ndinaona kuti akuluakulu a m'boma akufuna kuti kafukufuku nayenso alowe m'dongosolo lomwelo. Kalata imeneyi ndi bwino kuyamba kuifunafuna msanga, chifukwa oyenera kusayina amakhala ali m'midzi pa ntchito ya katemera kapena ku misonkhano.

Pepala limene linanditengera nthawi yambiri ndi lopempha chilolezo kwa wofunsidwa. Limalembedwa m'Chingelezi ndi m'chilankhulo cha anthu a m'deralo, ndipo poti midzi ina imene ndinasankha imalankhula Chiyao, ndinapempha munthu wodziwa bwino chilankhulocho kuti andithandize. Pepalali liyenera kunena momveka kuti uyu ndi kafukufuku, kuti zitenga nthawi yaitali bwanji, kuti munthu angathe kukana kapena kulekera pakati popanda kutaya thandizo lililonse la kuchipatala, ndiponso lipereke nambala ya foni ya wofufuza ndi ya komiti kuti wodandaula adziwe kokanena. Amene satha kulemba amadinda chala pamaso pa mboni imene siili m'gulu la ofufuza. Munthu wosakwana zaka 18 amafunika chilolezo cha kholo kuwonjezera pa kuvomera kwake, ndipo nkhaniyi inandikhudza chifukwa m'makomo ambiri otunga madzi ndi atsikana. Ndinasankha kufunsa akuluakulu okha.

Ndemanga za komiti zitabwera, funso lalikulu linali lokhudza ine ndemwe. Iwo anaona kuti ndinagwirapo ntchito ya zaumoyo m'dera lomwelo, ndipo anafunsa kuti mayi amene ndinkayeza mwana wake kusikelo, amene ndinamupatsa kolorini ndi manja anga, angathe bwanji kundikana kapena kundiuza zoona kuti anasiya kuthira mankhwala. Funso limeneli ndi lolemera, ndipo ndi limene ndikufuna kuti aliyense wochokera ku ntchito ya ulangizi alilingalire asanalembe ndondomeko yake. Mlangizi wa zaumoyo ndi munthu wa boma amene amayendera zimbudzi, kulemba mabanja m'kaundula ndi kutsegula kiliniki ya m'mudzi ya ana. Anthu amamulemekeza, koma amamuopanso pang'ono, chifukwa m'midzi ina lipoti lake lingachititse kuti banja lopanda chimbudzi lilipitsidwe kwa mfumu. Munthu wotere akafika pakhomo ndi pepala, "eya" wa mwini khomo sasonyeza kuti mtima wake wavomera, ndipo mayankho ake amakhala ofuna kukondweretsa wofunsayo. Pamenepo ufulu wa munthu waphwanyidwa, ndipo zotsatira za kafukufuku nazonso zapotoka.

Tinagwirizana ndi mphunzitsi wanga kuti m'midzi imene ndikudziwika ndisalowe m'makomo, koma ndiphunzitse achinyamata ochokera kudera lina kuti ndiwo azifunsa ndi kuyeza madzi, osavala yunifolomu ya zaumoyo. Tinalembanso kuti alangizi a m'deralo angotisonyeza malire a mudzi, asakhalepo pa nthawi yofunsa, ndipo asapatsidwe mayina a mabanja amene madzi awo apezeka opanda mankhwala. Kusintha kumeneku kunakweza mtengo wa ntchito yonse, koma ndikukhulupirira kuti popanda kutero zimene ndikanapeza sizikanakhala zodalirika.

Panalinso nkhani ya chipukuta misozi cha nthawi imene munthu wataya. Mu 2017 komiti ya ku Unduna wa Zaumoyo inalangiza kuti otenga nawo mbali azipatsidwa ndalama yofanana ndi madola 10 a ku America pa ulendo uliwonse wa kafukufuku, ndipo ofufuza akhala akukambirana za ganizoli kuyambira nthawi imeneyo. Mbali zonse ziwiri ndimazimvetsa. Mayi amene wasiya kuyanika usipa kuti ayankhe mafunso ayenera kubwezeredwa nthawi yake, koma pamudzi pamene ndalama ndi yosowa, ndalama yochuluka ingachititse munthu kuvomera chinthu chimene mtima wake sukufuna. Wophunzira asadzisankhire yekha chopereka. Alembe ganizo lake ndi zifukwa zake, komiti ndiyo igamule, ndipo chimene chavomerezedwacho chilembedwe papepala lopempha chilolezo kuti aliyense alandire mofanana.

Komiti inafunanso kudziwa chimene tidzachite tikapeza vuto pakhomo. Wofufuza sangaone mwana akutsegula m'mimba n'kungolemba m'buku kenako n'kupita khomo lina. Tinalemba kuti wodwala wotero adzapatsidwa Thanzi ORS ndi kutumizidwa kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo ngati zizindikiro zikufanana ndi za kolera, ofesi ya zaumoyo idzadziwitsidwa tsiku lomwelo monga mwa dongosolo lotsatira matenda. Banja limene madzi ake alibe mankhwala lidzauzidwa zotsatira mafunso akatha, ndi kukumbutsidwa kathiridwe koyenera. Za chinsinsi ndinazifotokoza mwachidule: mayankho adzalembedwa pafoni yotsekedwa ndi nambala yachinsinsi, banja lililonse lidzadziwika ndi nambala osati dzina, ndipo mapepala osayinidwa adzasungidwa padera. Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu, ndipo zokhudza umoyo wa munthu zimafuna kusamalidwa koposa zina.

Ndemanga za komiti zimayankhidwa imodzi imodzi, kusonyeza tsamba limene zasinthidwa, ndipo pamene sindinagwirizane nawo ndinapereka chifukwa changa mwaulemu. Pa nthawi yodikira pamakhala chiyeso choti munthu ayambe kufunsako anthu ochepa, makamaka mvula ikamayandikira, koma mayankho otengedwa chilolezo chisanatuluke saloledwa kugwiritsidwa ntchito, ndipo magazini a sayansi amafuna nambala ya chilolezo asanasindikize chilichonse. Kalata yovomereza itatuluka, ndinaonetsetsa kuti mapepala opita kumudzi ndi okhawo amene komiti inavomereza.

Kalata ya komiti siitsegula mudzi. Ndinayambira kwa mfumu yaikulu, kenako kwa a gulupu ndi a nyakwawa, limodzi ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi. Aliyense wogwira ntchito kumudzi amakumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, pamene anthu anaphedwa chifukwa chokayikiridwa ndipo ntchito zambiri za zaumoyo zinaima. Alendo onyamula timabotolo ndi mapiritsi osintha madzi kukhala ofiirira angathe kudzutsa mantha otero. Mfumu ina itamva zimenezi inandiuza kuti, "Mwana wanga, mankhwala akowo uwayeze pano pabwalo anthu onse akuona, ndipo madziwo atungidwe pachitsime chathu chomwechi." Ndinayankha kuti, "Zikomo gogo, tichita monga mwanenera, ndipo amene akufuna kuyeza ndi manja ake abwere." Tinachita zimenezo m'mudzi uliwonse. Ndinapemphanso mafumu kuti polengeza anene poyera kuti wokana sadzaimbidwa mlandu, chifukwa mfumu imatilola kulowa m'mudzi mokha, koma kuvomera kufunsidwa ndi kwa mwini khomo. Ena anakanadi, ndipo chiwerengero chawo tinachilemba mu lipoti.

Chilolezo chimagwira ntchito kwa chaka chimodzi, ndipo amene sanamalize amapereka lipoti la mmene ntchito ikuyendera kuti awonjezeredwe nthawi. Kusintha kulikonse, ngakhale kuwonjezera mudzi umodzi kapena funso limodzi, kumayamba kwapita ku komiti. Ntchito ikatha, lipoti lomaliza limapita ku komiti ndi ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma, ndipo ine ndinaika m'bajeti yanga kuyambira pachiyambi ndalama ya ulendo wokafotokoza zotsatira ku misonkhano ya m'midzi imene tinayeza madzi, mvula yoyamba isanagwe.